Foni ya ku Kampu Yotsekedwa

Mfuwe,
9 Febuluwale 2023

Okondedwa Asisi Judith,

Muli bwanji kumeneko ku Kitwe? Nanga mwendo wa Amayi ukupepuka? Musadabwe kuti ndalemba kalata chonsecho tili ndi mafoni. Ndikaimba, Amayi amakulandani foni kuti amve okha, ndipo izi sindikufuna azimve kaye. Muwerengere panokha.

Mlongo wathu Onesmus sanabwere kuchokera kuthengo. Anapita ndi masikauti anzake kukalondera nyama kutsidya kwa mtsinje wa Lupande mvula itangolimba. Sabata yatha, pobwerera, anakumana ndi njovu ya mwana pafupi ndi powolokera, aliyense n'kuthawira kwake. Madzi anadzaza tsiku lomwelo. Anzakewo anapezana, koma iye ayi. Akumufunafuna, koma dziko lonse kumeneko ndi matope ndi udzu wopitirira munthu.

Asisi, pali china.

Ntchito yanga mumangoidziwa kuti ndi ya makompyuta. Ku ofesi yathu ya masikauti ndimayang'anira pulogalamu imene imalondera mafoni onse a ntchito. Foni ikagwira netiweki imadzionetsa pa sikilini panga ndi kadontho kobiriwira. Ikakhala chete nthawi yaitali kadonthoko kamatuwa, ndipo zoterozo timazitcha zogona. Lamulo la pano ndi lakuti foni yogona ifufutidwe, chifukwa muli mapu a njira zonse za masikauti, ndipo ikagwa m'manja mwa opha nyama anthu athu atha. Ndimangodina batani, lamulolo n'kupita kukadikira. Foniyo ikadzangogwira netiweki imadzifufuta yokha, mapu, manambala, zonse psiti.

Mukudziwa mmene dzinja limakhalira kuno. Makampu a kutali amatsekedwa, katundu amalongedwa m'mabokosi a malata mpaka misewu iume. Ndiye abwana anga, a Steward, atandiuza kuti ndisese zogona, ndinaona mafoni a kampu ya ku Nsefu onse atatuwa. Ndinati awa ali m'bokosi, ndinadina onse pamodzi, ndinapita kukamwa tiyi.

Sindinadziwe kuti foni ya Onesmus inagwera m'madzi asananyamuke, ndipo anangotsegula bokosi lija n'kutengamo ina. Kuno n'chizolowezi, sikauti akasowa nsapato kapena tochi amatola imene ili pafupi, zouza ofesi n'zam'mbuyo. Ndinamva dzana kwa mnzake Boyd, amene anali naye paulendowo. Anabwera pa tebulo langa kudzandilimbitsa mtima.

"Mlongo, musade nkhawa," anatero Boyd. "Ali ndi foni ya ku Nsefu ija, mapu ali momwemo. Akangokwera pa kaphiri pogwira netiweki, mumuona apo."

Ndinathamangira kwa a Steward n'kuwauza zonse, osabisa. Sanandikalipire, ndipo bwenzi atandikalipira. Anangovula magalasi n'kufunsa kuti, "Sizingabwezedwe?" Tinaimbira anthu a ku Lusaka amene anatiikira pulogalamuyi. Anati lamulo lofufuta likatuluka latuluka.

Kuyambira pamenepo sindinadziwe chopempha kwa Mulungu. Ndipemphe kuti ayatse foni? Akaiyatsa pa netiweki, imufera m'manja. Ndipemphe kuti asaiyatse? Ndiye tidzadziwa bwanji kuti ali moyo? Ndakhala ndikuyang'ana kadontho kotuwa kaja mpaka maso kuwawa. Ndege zikamatera pa eyapoti, alendo akutsika ndi makamera awo akuseka, ine ndimangofuna kukuwa.

Mlamu wathu Queen, mkazi wa Onesmus, amabwera m'mawa uliwonse pa njinga, mwana kumbuyo. Amaima pakhomo la ofesi, salowa chifukwa cha matope a kumapazi. "Alamu, yaoneka?" Ine ndimati, "Sinaoneke." Amandithokoza, Asisi. Amandithokoza n'kubwerera.

Lero cha m'ma 11 ndinali kudya chimanga chootcha pa tebulo pomwepo. Nditakweza maso, kadontho kaja kanali kobiriwira. Ndinaimirira. Ndisanaitane munthu, mzere wonse unasintha n'kulemba kuti foni yafufutidwa. Sinatumize n'komwe malo amene inali. Zinatha msanga ngati kuphethira.

A Steward akuti tikondwere, foni siidziyatsa yokha, pali chala chimene chinadina. Akuti malo ogwira netiweki kutsidyako ndi owerengeka, ndipo Boyd wanyamuka kale ndi anzake pa bwato kukayamba ndi kaphiri kapafupi. Ine ndikuopa. Mwina ndi munthu wina anaitola. Ndipo ngati ndi Onesmus, ndikumuona: wayenda ndi njala masiku onsewa, wakwera kaphiriko, wayatsa foni imene anasungira batire, waona netiweki yabwera. Kenaka chinthucho chazima n'kuyakanso chopanda kanthu, chikumufunsa chilankhulo chimene akufuna. Nambala yanga saidziwa pamtima, ndinkamuseka nazo. Dzuwa kulibe, mitambo yokhayokha, ndipo mapu ndamulanda ndine.

Ndikupempha ziwiri. Mukhale pafupi ndi foni yanu, osaisiya m'manja mwa Amayi. Ndipo mukapita ku mapemphero Lachitatu, mumutchule dzina, ngakhale chamumtima.

Ndikamaliza kalatayi ndikaipereka kwa kondakitala wa basi ya ku Chipata, kenaka ndipita kwa Queen. Ndikamuuza kuti foni inayaka. Zinazo sindikudziwa ngati pakamwa panga pakatseguke.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amayi muwauze kuti ndili bwino, chimanga chawo cha kudimba sichinamire, ndipo Queen ndi mwana akuwalonjera. Akafunsa chifukwa chake Onesmus sanapereke moni ulendo uno, musawapangire wabodza. Muwauze kuti adzapereka yekha.

Ndine mng'ono wanu,
Delia