Mphira pa Paipi ya Oyilo

Thambani, Mwanza
20 Okutobala 2024

Okondedwa achemwali a Fyness,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joni kumeneko. Kalatayi ndapatsira a Cacilda, akukwera basi pa boda Lachisanu. Mufunsa kuti bwanji osangoimba foni. Ndayesa, achemwali. Ndikangoona dzina lanu pa sikirini chala chimakana.

Galimoto yanu yafa. Ndayambira pomwepo kuti ndisazungulire.

Munaigula kuti Amayi asamakwerenso mapikapu popita kuchipatala ku Blantyre, poti chotupa cha m'mimba chija sichifuna kugwedezeka. Ndipo imagwira ntchito, eeh! Tebo ya injini yake ikalira pachitunda, anyamata a kabaza amachita kuima n'kumaonerera. Koma ndi dzuwa la chaka chino, kuphatikiza zitunda zathuzi, giyabokosi inayamba kutentha. Kagetsi kumayaka pa dashibodi, giya kumachedwa kulowa, ikalowa n'kulowa mogunda mpaka Amayi kubuula kumbuyo. Ndinafufuza pa YouTube, ndipo onse amanena chimodzimodzi: otomatiki ya tebo pamsewu ngati wathu imafuna kachipangizo kotchedwa kula. Kula ndi karediyeta kakang'ono koziziritsa oyilo wa giya. Ndinasangalala zedi! Ndinati apa ndiye ndapeza mankhwala.

Kulayo ndinakagula ku Limbe, n'kukaika ndi a Valentim, amakanika a kuseri kwa msika aja. Tinaimanga bwinobwino kutsogolo komwe kumawomba mphepo, mapaipi onse awiri n'kulumikiza. Pofuna kumanga mapaipiwo, makilampu, tizitsulo tomangira ta m'bokosi mwa kulayo, anapezeka aang'ono, osalowa. Tsiku la Amayi lokaonana ndi dokotala wa opaleshoni linali mawa lake. Pa Thambani pano kilampu mungaipeze kuti?

Ine ndinaloza chubu chakale cha njinga chomwe chinali pakhoma, ndikuti, "Nanga mphira?"

A Valentim anaseka. "Amigo, mphira imanyamula matumba a makala kuchoka kwa Nthache mpaka pa boma osamasuka. Ingalephere kapaipi aka?"

Tinadula, tinakoka, tinazunguliza ngati tikumanga katundu pa keliyala. Tinayesa kuzungulira msika, osadontha ngakhale pang'ono, giya ikulowa myaa! Ndinafika kunyumba ndikudzitama, ndikuti, "Amayi, mawa mugona tulo m'galimoto ngati bwana."

Tinanyamuka m'mamawa, Amayi atavala chitenje chawo cha kumvano. Pachitunda chachitali chija tisanafike pa tala, ndinamva fungo. Injini ikulira koma galimoto osakoka. Apa ndi pomwe ndinalakwitsa kwambiri, achemwali. M'malo moima, ndinaponda moto kuti tingofika pamwamba. Ndinapondanso. Kenako zii.

Nditatsika ndinapeza paipi ikulendewera. Oyilo wotentha anafewetsa mphira ija mpaka inangokhala ngati chingamu. Kumbuyo kwathu kunali mzere wofiira pafumbi, kutsika chitunda chonse. Amayi anasuzumira pawindo, anauyang'ana nthawi yaitali, n'kuti, "Sungani, yataya magazi ambiri chonchi, ichira?"

Ndinaima m'mbali mwa msewu kudikira galimoto ina.

Inabwera pikapu yodzaza mbuzi ndi anthu. Adalaivala anawapatsa Amayi malo kutsogolo, koma itangogunda mabampu awiri Amayi anakuwa kuti atsike. Anakhala pansi pa mtengo wa masuku atagwira pamimba, nthawi ya dokotala n'kudutsa tikuyang'anizana. Madzulo a Laston, oyandikana nafe aja, anabwera ndi ngolo yawo, tinayala matiresi, n'kuwabweza kunyumba pang'onopang'ono. Galimoto inakokedwa ndi thirakitala, ana akuithamangira pambuyo.

Ndinaimba kuchipatala. Anandiyankha mwaulemu kuti odikira ndi ambiri, tsiku lina lapezeka mu Januwale. Januwale, achemwali! Nthawi ya mvula, msewu wathu mukuudziwa.

A Valentim atatsegula pansi pa giyabokosi, munatuluka zakuda zonunkha chipsereza, muli tizitsulo ngati mchenga. Anangovula chipewa. Akuti siyokonzeka, ikufunika ina yathunthu. Ndafunsa ku Limbe, ku Ndirande, a Valentim aimbira achibale awo ku Tete, ya mtundu umenewu palibe. Ndiye chondipweteka, kulayo ili bwinobwino! Ikungonyezimira kutsogoloko, yatsopano, pagalimoto yoti nkhuku zayamba kale kugona pansi pake.

Mundikalipire, chonde. Amayi sanandinene ngakhale liwu limodzi, ndipo zimenezo ndi zomwe zikundidwalitsa. Dzana anandipeza nditakhala m'galimotomo ndekha, anangogogoda pagalasi n'kuti, "Adalaivala, tsikani mudye." Koma iwowo sakudya. Phala amalawa masipuni angapo n'kukankha mbale. Kutchalitchi anasiya kupita, azimayi a mvano ndi amene akumabwera kudzaimba pakhonde. Mimba yakula kuposa mmene munaionera pa vidiyo ija, ndipo akumakana kuti ndiwajambule.

Mupereke moni kwa alamu. A Laston ndi akazi awo akupereka moni. A Valentim akuti muwakhululukire, sakudutsanso njira ya kwathu.

Amayi akupereka moni wambiri. Ndinawafunsa kuti ndikuuzeni chiyani za giyabokosi, ngati mungayese kuifunafuna kumeneko. Akuti musavutike nazo. Akuti mubwere ndi mwana wanu wakhandayo adzamunyamuleko, ndipo musadikire Khirisimasi.

Ndine mlongo wanu,
Sungani