Dzina Lanu Likutuluka, Ababa

Ababa, lero zakwana zaka zisanu ndi ziwiri chitisiyireni. Zaka zonsezi dzina lanu takhala tikulizemba monga mwa mwambo wathu kuno ku Yuendumu, chithunzi chanu chili pansi m'sutukesi. Koma Lamulungu lapitali alongo anu, azakhali a Mavis, anasonkhanitsa abale n'kunena kuti nthawi yolira yakwana. Ine ndinalumpha mwana ali m'manja! Tcherani khutu, ndili ndi nkhani.

Mukukumbukira mabumerang'i, zibonga zokhota zoponya munkasema muli mnyamata zija, n'kumagulitsa kwa oyendetsa malole? Apezeka asanu ndi anayi! Ali ku Alice Springs kwa mayi Pendergast, amene amatolera akalekale. Chaka chatha ndikuchokera kusikelo ndi Delvene, mdzukulu wanu amene simunamuone, ndinawaona pawindo. Ndinawadziwa ndisanalowe n'komwe: mtengo wa mulga wolemera uja, mizere yothinana, ndi kachipsera m'mzere uliwonse, poti sompho yanu ya chitsulo cha galimoto inali yobenthuka. Pansi pake analembapo kuti "Wosema sakudziwika."

Ndinati, "Mayi, awa anasema ndi bambo anga." Iwo anathamangira cholembera. "Dzina lawo ndani, mwanangu?" Ndinati Kumanjayi, lija timatchulira omwalira, iwo n'kuyamba kulemba akumwetulira. Ndinachita kuwagwira dzanja. "Fufutani, mayi! Limenelo ndi la aliyense amene anatsogola." Anandiyang'ana ngati ndabwera kudzawanamiza. Mwana wanji wosadziwa dzina la bambo ake? Ndinalira m'basi njira yonse.

Kunyumba kuno Amayi amasekabe mpaka kutsokomola akakumbukira mlendo uja anabweza bumerang'i yake, ati waiponya kakhumi koma siikubwerera. Inu osakweza ndi mutu womwe: "Achimwene, imeneyo ndi yosakira. Chobwerera ndi nyama ya kangaru, paphewa panu." Achimwene anga a Desmond sompho ija anakana kuinola, akuti kubenthukako ndi kwanu. Ine ndimakumbukira tsiku ndinasiya sukulu chifukwa cha mimba. Simunakalipe. Munangondipatsa bumerang'i, katondo ndi mafuta, n'kuti, "Paka apa, usadumphe mzere." Mpaka lero wopaka m'banja muno ndine.

Mabumerang'i anu akupita kuchionetsero ku Adelaide, ndipo makadi ake olembapo dzina la wosema akusindikizidwa Lachisanu. Tikanachedwa sabata imodzi, mukanapita opanda dzina mpaka kalekale. Mawa amalume akutitenga pagalimoto, anthu khumi ndi mmodzi, aliyense akufuna akalitchule yekha pamaso pa mayi Pendergast aja. Asiyeni alimbirane. Ine ndalilemba kale papepala, zilembo zikuluzikulu, kuti pasapezeke wolakwitsa: ALWYN JUPURRURLA.

Sitinakuiwaleni tili chete, Ababa. Nanji tsopano tatsegula pakamwa!

Ndine mwana wanu Loretta, m'malo mwa Amayi, a Desmond ndi adzukulu onse.