Abusa Alalikira Pamanda a Mwana Wawo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ku Joniko. Kuno ku Domasi tilipo, ndipo mwendo wa mayi uja wayamba kupepuka.

Ndalemba ndi mtima wowawa. Lachiwiri lapitali abusa athu anataya mwana wawo wamkazi, Tamanda, ndi malungo. Kumanda tinaimba nyimbo mpaka kutha, kenako tonse maso kwa abusa. Panalibe mkulu wa mpingo ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zopalasa njinga kukaitana mbusa wina. Abusawo anaimirira, Baibulo lili m'manja, n'kulalikira pamanda a mwana wawo yemwe. Ife n'kumavomera kuti ameni, opanda manyazi!

Tisanasambe n'komwe m'manja, a Matiki, mlembi wa mpingo uja, anawanong'oneza kuti, "Abusa, musaiwale, mawa kuli maliro ena ku Songani." Ndinamva ndi makutu angawa, koma nanenso sindinawaletse. Kutacha abusa anapitadi.

Loweruka ife amayi a mumpingo tikukawapalirira abusawo munda. Inuyo chonde alembereni kalata. Musawapemphe pemphero ayi, mungowafunsa mmene mtima wawo uliri. Chibwerereni abusawa kuno, sindinamvepo munthu akuwafunsa zimenezo.

Mulungu akusungeni nonse kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Esinati