Chitseko cha Amayi

Loweruka madzulo. Kunatentha, koma mtima uli m'malo.

Lero kunabwera bambo wina wa ku Lusaka amene amatolera magalimoto akale. Amafuna galimoto ya Atate ya zitseko ziwiri, imene anagula akuphunzitsa ku Tamanda, kuti asinthane ndi yake yatsopano, nayonso ya zitseko ziwiri. Anaziimika pamodzi pabwalo. Kunena zoona, yatsopanoyo ndi yokongola, ndipo imalira ukangodina batani, pomwe yathu timachita kukankha.

Atate anatsala pang'ono kuvomera. Kenako mlendoyo anayesa chitseko cha mbali ya Amayi, chomwe sichitseguka ukakhala m'kati, nati akachikonza sabata yomweyi.

Zaka zonsezi Atate amatsika, n'kuzungulira kukawatsegulira Amayi. Kutchalitchi anthu amati ndi ulemu. Ife timadziwa kuti ndi chogwirira chothyoka.

Amayi anafunsa chapansipansi, "Ndiye m'yatsopanoyi ndizitsegula ndekha?"

Atate anangomubwezera mlendoyo makiyi ake.

Mawa tikupita kutchalitchi, ndipo wokankha ndine. Chogwirira chatsopano chimene ndinawagulira chaka chatha chikadali m'kabati mwanga. Chikhale momwemo.