Kapeti Imene Tinayala M'dzina Lanu

HARMEN VEENSTRA
Munatisiya mu Okutobala, nyengo yothyola maapozi

Bambo, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. Zaka ziwiri zapitazi tinkangolemba timawu tochepa m'nyuzipepala muno pansi pa chithunzi chanuchi, toti tikukusowani, muuse mumtendere, basi n'kundandalika mayina. Chaka chino Amayi akanitsitsa. Akuti ngati tikulemba, tilembe zoona, tikuuzeni zimene tachita nalo Lachinayi lanu lija, ngakhale tauni yonse iwerenge. Ndiye tikulemba nkhope zili pansi.

Chithunzichi ndi chija anakujambulani pa ukwati wa mwana wanu Wilma. Timasankha chimenechi chifukwa ndi chokhacho chimene manja anu sakuoneka. Pa zina zonse zala zili bii ndi girizi, ndipo munkapita nazo choncho ngakhale ku mgonero, Amayi n'kumakutsinani pa benchi kuti muzibise. Timakumbukabe timaswiti ta minti timene munkatipatsira ulaliki ukatalika. Tinkachokera m'thumba limodzi ndi timanati ta njinga, ndipo m'kamwa tinkamveka fungo la mu galaja, koma palibe anakanapo. Timakumbukanso mluzu wanu wa masalimo, umene ngakhale woimba limba sankatha kuzindikira kuti mukuimba salimo liti.

Za Lachinayi munaziyamba mutangosiya kulima. Chaka ndi chaka amuna a ku Jamaica ndi a ku Mexico amabwera kuno ku Ontario kudzathyola zipatso m'mafamu, ndipo Lachinayi madzulo amatsikira m'tauni kudzagula zakudya pa njinga zakutha zimene anasiya anzawo, zopanda mabuleki, zopanda nyali. Tsiku lina kuli chisisira munatsala pang'ono kugunda mmodzi ndi lole yanu. Munafika kunyumba, chakudya osachikhudza. Lamlungu lotsatira munaimirira pamaso pa akulu a mpingo, chipewa chili m'manja.

"Abale, timatumiza amishonale kutsidya la nyanja, pomwe a kutsidyako akudutsa pakhomo pathu pompano, pa njinga zosaima," munatero. "Ndipatseni kiyi wa holo. Kulalikira ndawasiyira Abusa, ine ndizingomanga matcheni."

Anakupatsani monyinyirika, poganiza kuti mutopa nazo msanga. Simunatope. Holo ija, imene kale inkangodziwa khofi wa Lamlungu ndi misonkhano ya amayi, inayamba kudzaza njinga zogadamitsidwa pa simenti, matayala ali m'mwamba. Amayi ndi anzawo ankaphika supu ndi kugula mabanzi. A ku Jamaica ankamenyetsa timatabwa ta masewera a domino patebulo ngati akulilanga, ndipo Eusebio, bambo wofatsa wa ku Mexico, ankabwera ndi tsabola wake m'kabotolo n'kumathira mu supu mobisa kuti ophika asakhumudwe. Lamulo lanu linali limodzi lokha: njinga isatuluke pakhomo yopanda nyali kutsogolo ndi kumbuyo.

Mnzanu weniweni anali Lenworth, wa ku Jamaica, amene wathyola maapozi kuno kuyambira mwana wanu Arend ali ku pulayimale. Awirinu simunkatha kupatsana moni osanyozana.

"Mdala, njinga imeneyi mwaikonza kapena mwangoipempherera?"

"Zonse ziwiri, achimwene. Koma potsetsereka muzidalira kwambiri pempherolo."

Ena mwa othyola zipatso aja anayamba kubwera Lamlungu, kukhala kumbuyo kwenikweni, n'kumaomba m'manja m'tchalitchi chimene chimangidwireni sichinamvepo munthu akuomba m'manja. Ana a mpingo anayamba kutengera. Inu munkangotembenuka n'kuwatsinzinira diso. Pa maliro anu anabwera onse ndi zovala za kumunda, njinga zitatsamira mpanda wa manda kuchokera ku geti mpaka ku msewu.

Tsopano imvani zimene tinachita.

Monga mwa mwambo wathu, tinalengeza kuti anthu asagule maluwa, chipepeso chonse chipite ku mpingo, kugulidwe chinthu chokhalitsa chokhomedwa kachitsulo kamkuwa ka dzina lanu. Mukuchidziwa tchalitchi chathu: benchi iliyonse, wotchi ya pakhoma, ngakhale ketulo ya khofi, zonse zili ndi dzina la malemu winawake. Komiti inakumana mu Januwale, misewu itakwiririka ndi chipale, anzanu onse atabwerera kwawo. Panalibe ndi mmodzi yemwe woti n'kumufunsa, ndipo kunena zoona, kuwafunsa sikunatifike n'komwe m'mutu.

Wilma ndiye anaimira banja. Analowa mu holo, anayang'ana simenti yamathothomathotho a oyilo pamene munkagwada zaka zonse zija, misozi n'kuyamba kutsika. Anati bambo ake anathera mawondo pa simenti yozizira, ndipo sangalole kuti anthu aziwakumbukira ndi pansi ponyansa chonchi. Anapempha kapeti. Musamuweruze yekha, Bambo. Tonse tinavomera ndi mtima umodzi, Arend ndiye ananyamula matebulo tsiku loyala, ndipo Amayi ndiwo anasankha mtundu, woyera mopita ku chikasu ngati batala. Inali yokongola, zimenezo sitikana. Abusa anaipempherera, kachitsulo ka dzina lanu kanakhomedwa pafupi ndi chitseko, ife n'kubwerera kunyumba mitima ili mbee, tikuti bambo tawalemekeza.

Mu Epulo anzanu anabweranso. Lachinayi loyamba anafika molunjika kuchokera kumunda, jombo zili matope okhaokha, akukankha njinga zimene zinachita dzimbiri m'chisanu. Pachitseko anapeza chikwangwani, cholembedwa bwino m'Chingerezi ndi m'Chisipanishi, choti chonde vulani nsapato, njinga zisalowe. Anachilemba Mayi Kuipers, amene komiti inawapatsa udindo wosamala kapeti, ndipo anaima pomwepo akumwetulira, akulonjera aliyense. Palibe anawanyoza, palibe anawakwezera mawu. Chimenechi ndicho chimatiwawa kwambiri, chifukwa tinawathamangitsa mwaulemu wonse.

Inu mukanadziwa kuti munthu amene wakhala mu jombo kuyambira m'bandakucha savula pamaso pa amayi a eni ake. Ife sitinaganize. Ambiri anaima panja, akuti sali ndi njala. Eusebio anavula, chifukwa iye sakana kanthu. Sokosi yake inali yobooka, ndipo anaima pakona phazi lina litaphimba linzake, mbale ili m'manja, maso ali pa supu kuti asadonthe. Domino anakhalabe m'bokosi. Lenworth anaima pakhomo, anawerenga dzina lanu pa kachitsulo, anayang'ana pansi nthawi yaitali.

"Yokongola zedi, Mayi Wilma," anatero. "Mdala akanaopa kupondapo."

Wilma anaseka nawo, koma kusekako sikunapite patali.

Njinga tinazisamutsira ku shedi ya kuseri, kopanda magetsi, kothina moti anthu atatu sangatembenukemo. Arend anayesetsa, koma mukumudziwa mwana wanu, sipanala amaigwira ngati foloko. Anthu anayamba kuchepa, ndipo pofika Juni kunali zii. Tinadzitonthoza kuti ankabwerera inuyo, ndipo poti inu munapita, zinthu zinayenera kutha. Pa msonkhano wa pachaka kunanenedwa kuti utumiki wa njinga wafika pamapeto ake mwaulemu, ife n'kugwedeza mitu. Zida zanu ndi bokosi la nyali zatsopano, zimene munagula mwezi umene munadwala, tinazitsekera m'shedi. Tikakumana nawo pamsewu tinkawabayibitsa pawindo la galimoto, iwo n'kubayibitsanso.

Chaka chatha mu Seputembala, Eusebio anagundidwa ndi galimoto kukuda, akuchokera kogula zinthu. Njinga yake inalibe nyali. Sanamwalire, Bambo, koma mwendo ndi chiuno zinathyoka, ndipo atatuluka m'chipatala anamukweza ndege. Chaka chino famu sinamuitanenso. Ali ndi ana amene akali pasukulu. Ife tinamva Lamlungu pa nthawi ya mapemphero, Abusa akulimbana ndi kutchula dzina lake, ndipo mapemphero atatha tinalowa mu holo kukamwa khofi monga mwa masiku onse. Wilma anaima pakati pa kapeti, kapu ili m'manja, nkhope itasintha. Anaika kapuyo pansi n'kutuluka. Kuyambira tsiku limenelo holo saipondanso, ndipo Lamlungu amachoka nyimbo yomaliza isanathe kuti asakumane ndi munthu pakhomo. Pamene tinkakulemberani chaka chatha kuti muuse mumtendere, zonsezi tinkazidziwa, koma tinakubisirani.

Zinamutengera Wilma chaka chathunthu kuti alimbe mtima. Mwezi watha anamva kwa wogulitsa mafuta a galimoto kuti Lachinayi lanu silinafe. Lenworth amakonza njinga kuseri kwa malo omwetsera mafuta, atayala makatoni pansi, ndi masipanala obwereka, ndipo amakalipira aliyense wobwera ndi njinga yopanda nyali ndi mawu anu omwe aja, ngakhale alibe nyali yoti n'kumupatsa. Wilma anatenga Arend, anatsegula shedi, ananyamula zida zanu ndi bokosi la nyali lija. Atafika, anyamata anasiya kuseka n'kupatuka. Wilma anaika bokosi pa makatoni.

"Achimwene Lenworth, tinalakwa. Tinalakwa kwambiri. Kapeti ija tiichotsa, tikaitaya. Chonde bwererani."

Lenworth anapukuta manja pa thalauza, anatsegula bokosi, anatulutsa nyali imodzi n'kuiyatsa. Inayaka. Sanapse mtima, ndipo Wilma akuti bola akanamutukwana.

"Musaitaye, Mayi Wilma. Ndi yathunso imene ija."

"Yanu bwanji?"

"Mdala atamwalira tinayendetsa chipewa m'nyumba zonse zogona za m'mafamu. Aliyense anaponyamo kena kake. Kwa a ku Mexico anayendetsa ndi Eusebio, wapansi, famu ndi famu. Ndalamazo tinakazisiya ku tchalitchi kwanu tisanakwere ndege, poti munati musagule maluwa." Anazimitsa nyali ija n'kuipereka kwa mnzake. "Ife tinkati mugula matayala ndi machubu."

Arend akuti anafuna nthaka itseguke alowemo. Wilma atafunsanso ngati angabwerere, Lenworth anangoti awafunsa anyamata, n'kuweramiranso pa tcheni chimene ankamanga. M'galimoto pobwerera Wilma analira ngati tsiku la maliro anu.

Ndiye kapeti ilipobe, Bambo. Kuitaya tikulephera, chifukwa muli thukuta la Eusebio. Chikwangwani anachichotsa Mayi Kuipers ndi manja awo atamva nkhaniyi. Akulu a mpingo agwirizana kuti njinga zizilowa, jombo zizilowa, oyilo akadontha adonthe. Lachinayi lililonse chichokereni kwa Lenworth tatsegula zitseko zonse ziwiri, Amayi aphika supu, Arend watulutsa domino, ndipo Wilma amakhala panja pa masitepe, maso ali ku msewu. Mpaka lero sanalowe munthu. Maapozi atsala pang'ono kutha m'mitengo, ndipo kumapeto kwa mwezi uno anzanu akwera ndege. Sitikudziwa ngati mu Epulo adzaima pakhomo pathu, ndipo akadzapitirira, tilibe pakamwa powadandaulira.

Amayi amakusowani m'mawa uliwonse, amatulutsabe makapu awiri. Arend amakusowani akagwira sipanala. Zidzukulu zanu zimafunsa chifukwa chake ku holo kulibenso njinga. Wilma amakusowani kuposa tonse, koma kumanda kwanu sanafikeko chaka chino, akuti alibe nkhope yoti n'kuima nayo pamaso panu.

Kuiwala sitidzakuiwalani, Bambo, ngakhale tsiku limodzi. Mutikhululukire mmene tinakukumbukirani.

Akazi anu Alida, ana anu Wilma ndi Arend, apongozi ndi zidzukulu.