Chifuwa cha Lois

Photsaneng, Rustenburg
14 Julayi 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Ntcheuko. Ndalemba kalata chifukwa pa foni mawu amandithera.

Mdzukulu wanu Lois wadwala chifuwa milungu itatu. Paja ndinati n'chimfine chabe. Ndinanama, Amayi. Akamapuma m'chifuwamo munkalira ngati kamwana ka mphaka, nthiti n'kumalowa m'kati.

Munandiuza kuti ndizimutulutsa m'mamawa apume mpweya wabwino, monga munkachitira ndi ine. Ndinachitadi. Tsiku lililonse ndisanapite kuntchito ndinkamukulunga m'bulangeti n'kuyenda naye mpaka pamsewu. Kunja kumayera mbuu, ine n'kumati ndi nkhungu ngati ya kwathu ija.

Si nkhungu ayi. Lachiwiri atabanika tinathamangira naye kukiliniki, ndipo nesi atamva zoti ndimamutulutsa m'mamawa anagwira pakamwa. Akuti nyengo yozizira ino kukakhala bata, utsi wa mbaula, wa magalimoto ndi wa kumigodi sukwera kumwamba. Kuzizira kumaupanikiza pansi ngati chivundikiro pa mphika mpaka dzuwa litakwera. Ndiye kuti ine ndinkasankha nthawi yoipitsitsa, n'kumunyamula ndi manja angawa kukamumwetsa utsi.

A Absalom, madala oyandikana nafe amene anagwira mumgodi zaka makumi atatu, anandipeza nditangoti zyoli pakhomo. Anati, "Iwe Yona, kuno n'ku Joni. Mwana uzimutulutsa masana. M'mawa tisiyire ife amene mapapo anatha kale." Anaseka mpaka kutsokomola.

Musadziimbe mlandu, Amayi. Kwathuko malangizo anuwo ndi oona. Ine ndi amene ndinali kuno, mphuno ndili nayo.

Pano akupezako bwino, anamupatsa kapampu kopumira. Koma Ogasiti ali pafupi, ndipo mphepo yake imanyamula fumbi la pa milu ya kumigodi mpaka m'mbale. Nesi akuti zikhoza kuyambiranso. Ndiye tagwirizana ndi amake kuti iwo ndi Lois akwere basi pa 27 mwezi uno, adzakhale nanu mpaka mvula itagwa kuno. Chonde mudzawalandire.

Lois wayamba kuimirira atagwira mpando. Akadzayenda musadzandibisire poopa kuti ndidandaula. Mudzandiuze tsiku lake, ndi kumene analowera.

Moni kwa achemwali ndi ana onse. China, Amayi: Lois sagona asanagwire khutu la munthu, ndipo anazolowera langa. Mudzamubwereke lanu.

Ine mwana wanu,
Yona