Msonkho Wandipeza M'nthochi

Amayi, muli bwanji kumeneko? Nyamakazi yanu ija musaifunefune, munaisiya kuno ndipo yamanga nyumba m'bondo mwanga.

Kuno tilipo. Mdzukulu wanu Esinati wabereka mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu, ndipo kulongolola kwake ndi kwanu komwe. Chimanga ku Chowe chinapserera ndi dzuwa, chaka chino tatsamira chinangwa.

Nkhani yeniyeni ndi iyi. Chiliza chimene ndinakulonjezani pamaliro paja sindinamangebe, ndipo manda anu akukokoloka ndi mvula. Ndiye ndi imvi zangazi ndinalowa ntchito yosamalira maluwa pa hotela ina ku Makokola. Mwezi watha anandikweza kukhala kapitawo, malipiro n'kukweranso. Anzanga anayamba kundipepesa, ati tsopano ndalowa m'gulu la odulidwa msonkho.

Pomwepo ndinakumbuka malemu abambo. Amesenjala a msonkho akatulukira pa njinga, iwo ankalowa m'nkhokwe, inu n'kukhala pambali pake mukupeta, n'kumati, "Anapita ku Mozambiki, kaya mikango inawasiya." Munkati msonkho ulibe mphuno, sununkhiza munthu. Tsono tsiku la malipiro ndinakabisala m'nthochi za kuseri kwa khitchini, udzudzu n'kuchita nane phwando. Ndili momwemo foni inalira m'thumba: ndalama zalowa, msonkho atadula kale. Wa masiku ano, Amayi, suyenda pa njinga. Abwana amaudula okha malipiro asanafike m'manja, n'kuutumiza kuboma.

Ndinapita kwa mayi wolemba malipiro, wa ku Rumphi, kuti ndikabweze ukapitawo wawowo. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Akuti gawo loyamba la malipiro salikhudza, amangodula pa zapamwambazo, monga momwe amathyolera nsonga ya fodya ku Namwera. Ndikabweza udindo, wolira ndine, boma silimva n'komwe.

Choncho ukapitawo sindiusiya. Athyole nsonga yawoyo, tsinde ndi langa. Kusuta ndaleka, ndipo matumba a simenti ndayamba kuunjika kuseri kwa chitseko, mpongozi wanu akuwalondera ngati mazira. Mvula isanagwe chiliza chiima, dzina lanu litalembedwa ndi zilembo zoti ngakhale ine ndiwerenge popanda magalasi.

Abambo muwauze atuluke m'nkhokwemo. Msonkho wa banja lino wapeza woulipira.

Ndine mwana wanu wokukondani, wosamva uja,
Yohane